Wapolisi akakuimitsani panjira: lamulo likuti chiyani, nanga apolisiwo amawafunsa ndani?

Nyengo yokolola ikafika, misewu ya ku Mualadzi siigona. Njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi ngolo zimangodutsana zitasenza matumba a chimanga, soya ndi mtedza, zina zikupita kumsika, zina zikuloza kumalire kumene kwamveka kuti mtengo wakwerako. Ndi nyengo yomweyi imene foni ya pulogalamu yathu ya Chichewa imalira kwambiri, ndipo dandaulo limakhala limodzimodzi: munthu waimitsidwa panjira, wapisidwa m'matumba, katundu wamasulidwa, kenaka wauzidwa kuti asiye kangachepe kuti adutse. Wina amati njinga yake yagona kupolisi masiku atatu popanda pepala lililonse. Wina amati amene adamusecha sadavale n'komwe yunifolomu.

Si wapolisi aliyense amachita zotere, ndipo ambiri a ife tili ndi mbale kapena mlamu amene amagwira ntchitoyi pamalipiro osakwanira mwezi. Koma mafunso a omvera athu ndi oyenera kuyankhidwa. Loyamba ndi lakuti, kodi wapolisi ali ndi mphamvu zotani akakuimitsani? Lachiwiri ndi lovutirapo: akadumpha malire a mphamvuzo, kuno kumudzi, kutali ndi Tete ndi Maputo, amamufunsa ndani?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti kuimitsa ndi kusecha kuli ndi ntchito yake. Pa 24 Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama m'boma la Moatize, akuluakulu a boma adaimitsa lole yochokera ku Malawi. Atatsegula kontena adapeza anthu 64 ochokera ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo 14 adali amoyo. Pakadapanda woimitsa galimotoyo, nawonso 14 aja akadathera momwemo. Kuno ku Chifunde, kumene malire a Zambia ndi Malawi ali pakhomo, ng'ombe yobedwa usiku imatha kucha ili dziko lina. Mlimi amene khola lake lathyoledwa ndiye woyamba kufuna kuti apolisi aimitse aliyense woyendetsa ng'ombe mumdima. Choncho nkhani si yakuti apolisi asiye kusecha ayi, koma kuti azisecha motsata lamulo.

Anthu amene timakumana nawo pamsewu si amodzi, ngakhale tonse timangowatchula kuti apolisi. Polícia da República de Moçambique, PRM, idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu Disembala 1992 m'malo mwa Polícia Popular, ndipo mu 2013 idapatsidwa lamulo latsopano, Lei 16/2013. M'kati mwake muli apolisi achitetezo amene timawapeza pa posto, a Trânsito oona za magalimoto, a Fronteira olondera malire, ndi a UIR amene amabwera kukabuka chipwirikiti. A Alfândega, oona za msonkho wa katundu pa Cassacatiza, si a PRM. Ali pansi pa Autoridade Tributária. Oona ziphaso zodutsira malire ndi a SENAMI. Ofufuza milandu ndi a SERNIC, amene adalowa m'malo mwa PIC mu 2017. Ndiye palinso aja timawatcha a comunitário, anyamata a m'mudzi momwemo. Amenewa si apolisi konse, ndipo tibwereranso kwa iwo.

Chipikisheni cha pathupi ndi cha m'nyumba

Lamulo loyendetsera milandu, Código de Processo Penal, limene lidavomerezedwa kumapeto kwa 2019 (Lei 25/2019), limasiyanitsa zinthu ziwiri. Revista ndi kusecha munthu pathupi ndi zimene wanyamula. Busca ndi kusecha malo, monga nyumba, nkhokwe kapena shopu. Zonse ziwiri zimafuna chifukwa: payenera kukhala zizindikiro zakuti munthuyo wabisa chinthu chokhudzana ndi mlandu kapena chimene chingakhale umboni. Kaonekedwe ka nkhope, kalankhulidwe ka ku Malawi, kapena kungoti munthu akuchokera kogulitsa fodya ndiye ali ndi ndalama, zimenezi si zizindikiro za mlandu.

Mwa nthawi zonse, chipikisheni amalamula ndi woweruza kapena procurador, polemba pepala. Apolisi angathe kusecha popanda pepalalo m'zochitika zowerengeka zimene lamulo latchula, monga pamene munthu wagwidwa ali pakati pa kupalamula, kumene pa Chipwitikizi amati flagrante delito, kapena pamene mwiniwake wavomera. Mawu akuti wavomera ndi ofunika kuwamvetsa. Ambiri a ife wapolisi akangoti tsegula chikwama, timatsegula, ndipo pamenepo ndiye kuti tavomera. Simulakwa kufunsa mwaulemu kuti bwana, mukufuna chiyani ndipo mukundiganizira mlandu wanji. Lamulo limanenanso kuti kusecha kuyenera kulemekeza ulemu wa munthu ndi manyazi ake. Mayi amene akuchokera kuchigayo sayenera kugwidwagwidwa ndi mwamuna pamsewu anthu akuona. Ali ndi chifukwa chomveka chopempha kuti amuseche wapolisi wamkazi, pamalo obisika.

Nyumba ndiye yotetezedwa kwambiri. Ndime 68 ya Constituição, lamulo lalikulu la dziko, imati nyumba ya munthu ndi makalata ake n'zosaloledwa kulowereredwa. Kulowa m'nyumba mwini asakufuna kumafuna lamulo lochokera ku khoti, ndipo usiku palibe ayenera kulowa popanda chilolezo cha mwini, kupatula m'zochitika zapadera zimene lamulo latchula. Lamuloli silisankha nyumba. Ya malata ya mphunzitsi ndi ya udzu ya gogo wa kudimba, zonse ndi nyumba. Akabwera ndi pepala, pemphani kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani m'Chichewa, muitane anyakwawa kapena mnansi kuti aone, ndipo chilichonse chimene atenga achilembe, inu musunge pepala lake. Katundu wotengedwa popanda kulembedwa ndiye amene amasowa.

Za mapepala oyenda nawo, apa m'pamene anthu akumalire timagwa kawirikawiri. Alipo ambiri amene adabadwira kothawa nkhondo ku Malawi kapena ku Zambia m'zaka za m'ma 1980, adabwerako pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, ndipo mpaka lero alibe bilhete. Ena ali ndi cédula yokha kapena khadi lovotera. Kusowa bilhete m'thumba sikusandutsa munthu wakuba, komanso sikumusandutsa mlendo. Koma kumapatsa mpata amene akufuna kukuvutitsani. Ngati muli ndi pepala lililonse la boma lokhala ndi dzina lanu, yendani nalo. Oyendetsa ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba kuchoka dera lina kupita lina atenge guia kwa alangizi a ziweto a ku SDAE. Pepala limenelo ndi limene limasiyanitsa mwini ng'ombe ndi wakuba pakati pausiku.

Nanga akakutengerani kupolisi? Munthu womangidwa ayenera kuonetsedwa kwa woweruza pasanathe maola 48. Ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira, ndipo ali ndi ufulu wokhala ndi womuimira pamlandu. Pali chigamulo china chimene mlimi aliyense akadayenera kuchidziwa. Mu Seputembala 2013, Conselho Constitucional idagamula kuti mphamvu yolamula kuti munthu asungidwe m'ndende podikira mlandu, ngati sadagwidwe ali pakati pa kupalamula, ndi ya woweruza yekha, osati apolisi, osatinso akuluakulu a boma. Nkhaniyi idafika kumeneko kudzera mu pempho la Liga dos Direitos Humanos, bungwe limene ankatsogolera malemu Alice Mabota, nzika 2,000 zitasainira. Tanthauzo lake kumudzi kuno ndi ili: mnzanu akakakunenezani kupolisi kuti simudamubweze ngongole ya feteleza ya chaka chatha, wapolisi alibe mphamvu yokutsekerani kuti abale anu asonkhe ndalama. Ngongole ndi nkhani ya bwalo la m'mudzi kapena khoti. Ndipo munthu akasungidwa mosatsata lamulo, ndime 66 imapereka njira ya habeas corpus, pempho lopita ku khoti limene liyenera kuyankhidwa pasanathe masiku 8.

Tsopano za refresco. Dzinalo ndi lokoma, ngati kuti ndi botolo la chakumwa pa dzuwa la Okutobala, koma m'lamulo la milandu dzina lake ndi katangale, ndipo wolandira ndi wopereka onse ali ndi mlandu. Chindapusa chenicheni chili ndi pepala lolembedwa mlandu wake, ndalama zake ndi dzina la wolemba. Msonkho weniweni uli ndi lisiti. Ndalama imene yalowa m'thumba la malaya popanda pepala siidafike ku boma, ndipo mawa pamalo omwewo mudzalipiranso.

Ndikukumbukira ndili mnyamata, ndikuperekeza bambo anga kukagulitsa mtedza. Tidaimitsidwa pa chingwe china chapamsewu, ndipo bambo asanafunsidwe kanthu adali atatulutsa kale ndalama. Nditawafunsa kuti talakwa chiyani, adandiyankha kuti sitidalakwe, n'chifukwa chake tapereka zochepa. Ndidakula ndikuganiza kuti umenewo ndi msonkho wa msewu. Sindiwaimba mlandu. Munthu amene fodya wake akudikira pa sikelo, kapena ali ndi mwana wodwala kumbuyo kwa njinga, alibe nthawi yotsutsana ndi munthu wa mfuti. Koma ndalama zing'onozing'onozo, mukaziwerengera nyengo yonse ndi mudzi wonse, ndi matumba angati a feteleza?

Ena amene adaphunzira pang'ono amakonda kutchula ndime 80, imene imati nzika ili ndi ufulu wosamvera lamulo la munthu losemphana ndi malamulo kapena lophwanya ufulu wake. Ndimeyi ilipodi. Koma malangizo anga ndi akuti musakaiyesere pamsewu wopanda anthu dzuwa litalowa. Musathawe, musakankhane naye, musatukwane. Kulimbana ndi wapolisi kungakupatseni mlandu weniweni pamene poyamba mudalibe. Nenani modekha kuti simukuvomera, onetsetsani nkhope, dzina kapena nambala, malo ndi nthawi. Mlandu wanu mukaupambanira kwina.

Kwinako ndi kuti?

Apa m'pamene pali vuto lenileni. Apolisi a dziko lino amayendetsedwa kuchokera pamwamba. Mkulu wa apolisi, Comandante-Geral, amasankhidwa ndi Pulezidenti. Mu Januwale 2025 Pulezidenti Daniel Chapo adachotsa Bernardino Rafael, amene adakhala pampandowo kuyambira 2017, n'kuikapo Joaquim Sive. Pansi pake pali comando ya chigawo ku Tete, kenaka comando ya boma la Chifunde, kenaka ma posto monga a kwathu kuno. Aliyense amayankha kwa wapamwamba pake. Kuyambira 2019 timavotera bwanamkubwa wa chigawo, koma nkhani za chitetezo ndi bata sizili m'manja mwake. Zidatsala m'manja mwa boma lalikulu. Kusintha kwa Constituição kwa 2018 kudalonjeza kuti mu 2024 tidzavotera makhonsolo a maboma, koma mu 2023 aphungu adasintha ndimeyo ndipo chisankhocho sichidachitike. Ndiye kuti lero lino palibe munthu mmodzi wovoteredwa ndi anthu a ku Mualadzi amene angaitane mkulu wa apolisi wa boma kuti adzalongosole mmene ntchito ikuyendera.

Izi sizikutanthauza kuti njira palibe. Khomo lofunika kwambiri, limene anthu ambiri saliganizira, ndi la procurador. Constituição imapatsa Ministério Público ntchito yoonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa ndi kuyang'anira masiku amene anthu akusungidwa m'maselo. Procurador si wapolisi ndipo salandira malamulo kwa comandante. Ali ndi mphamvu yolowa m'selo, kufunsa kuti uyu wamangidwa liti ndipo chifukwa chiyani, kulamula kuti womangidwa mosayenera atulutsidwe, ndi kutsegula mlandu wa wapolisi amene wamenya kapena kulanda. Amene alibe ndalama ya loya angapite ku IPAJ, bungwe la boma limene lidakhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimira anthu osauka kwaulere.

Kupitirira pamenepo kuli Provedor de Justiça, ofesi yolandira madandaulo okhudza ogwira ntchito m'boma, imene idapeza mtsogoleri wake woyamba, José Abudo, mu 2012. Kuli Comissão Nacional dos Direitos Humanos. Kulinso GCCC, ofesi yolimbana ndi katangale. Provedor amalangiza, salamula. Ndipo tinene zoona, kwa munthu wa ku Mualadzi maofesi amenewa ali ngati mwezi: amaoneka, koma ulendo wake umadya ndalama zoposa zimene adalandidwa. Makhoti nawo amatha kulanga apolisi. Anastácio Matavele, woyang'anira zisankho, adawomberedwa ku Xai-Xai pa 7 Okutobala 2019, ndipo mu Juni 2020 khoti lidapeza apolisi olakwa pa imfayo, ena n'kuwagamula zaka zoposa 20. Koma mlandu umenewo dziko lonse lidali kuuyang'ana. Njinga ya mlimi ilibe maso ochuluka chotero.

N'chifukwa chake zimene zili pafupi ndi ife ndizo zofunika kuzilimbitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, unduna wa za m'dziko udayambitsa makhonsolo a chitetezo cha m'midzi, poyamba ku Chamanculo mumzinda wa Maputo, kenaka m'zigawo zonse. Ankatchedwa Conselhos de Policiamento Comunitário, ndipo pambuyo pake dzina lidasinthidwa kukhala Conselhos Comunitários de Segurança. Cholinga chake pachiyambi chidali chabwino: anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi, akuluakulu a mipingo, amalonda, aphunzitsi, azikhala pansi ndi apolisi, kuwauza mavuto a dera ndi kuwadzudzula akalakwitsa. Khonsoloyo idayenera kukhala pakamwa pa mudzi.

M'madera ambiri zidatembenuka. Khonsolo idasanduka gulu la anyamata olondera usiku, otumidwa ndi apolisi kukagwira anthu, opanda malipiro, opanda maphunziro a ntchitoyo. Munthu wosalipidwa ukamupatsa chingwe ndi chamboco, malipiro amadzipezera yekha. Ndiye amene adayenera kuyang'anira apolisi adasanduka antchito a apolisi, ndipo dzina latsopano lija, limene lidachotsa mawu a upolisi, silidasinthe chizolowezi. Timveketse bwino apa. Wa comunitário ndi nzika ngati inu. Monga nzika ina iliyonse, angathe kugwira munthu amene wamupeza akuba n'kumupereka kupolisi nthawi yomweyo. Alibe mphamvu yolipiritsa chindapusa, yosecha nyumba, yomenya, kapena yotsekera munthu. Kukwapula monga chilango kudalipo m'lamulo la 1983, koma kudathetsedwa mu 1989, ndipo ndime 40 ya Constituição imaletsa kuzunza. Ambiri mwa anyamatawa adathandizadi kubweza mbuzi ndi njinga zobedwa, ndipo tiyenera kuwayamikira. Koma mudzi umene udawasankha ndi umene uyenera kuwaletsa.

Palinso mpando wina umene ulipo kale m'lamulo. Lei 8/2003 ndi malamulo ake a 2005 adakhazikitsa ma conselho consultivo pa localidade, pa posto administrativo ndi pa boma. Mualadzi ndi imodzi mwa ma posto atatu a Chifunde, pamodzi ndi Chifunde-sede ndi Nsadzu, choncho ili ndi bwalo lake. Mumakhala mafumu ndi alembi a m'midzi, amene boma lidawazindikira kuyambira ndi Decreto 15/2000, pamodzi ndi oimira magulu ena. Anthu ambiri amawakumbukira makhonsolowa chifukwa cha ndalama za chitukuko zija tinkazitcha sete milhões, ngati kuti ntchito yawo idathera pomwepo. Makhonsolowa salamula apolisi, amangopereka maganizo. Koma palibe choletsa membala kuimirira n'kupempha chefe do posto kuti pamsonkhano wotsatira aitane mkulu wa apolisi, ndipo afunsidwe mafunso osavuta. Malo oimitsira anthu ovomerezeka m'dera lino ndi angati, ali pati? Miyezi itatu yapitayi mudamanga anthu angati, angati adafika kwa woweruza? Njinga zimene zili pabwalo la posto ndi za yani, zikudikira chiyani? Madandaulo okhudza apolisi mudalandira angati, adatha bwanji? Mayankho alembedwe mu acta. Lei 34/2014, lamulo la ufulu wopeza nkhani za boma, limalola nzika kufunsa zotere. Comandante amene akugwira bwino ntchito sangaope mafunsowa; mwinanso angapezepo mpata wonena kuti alibe mafuta a njinga yamoto ndipo apolisi ake ndi ochepa kuyerekeza ndi kukula kwa dera, zimene anthu ayeneranso kuzimva.

Vuto la makhonsolowa n'lakuti mafumu ena amalandira yunifolomu ndi kangachepe kuchokera ku boma lomwelo, ndiye kudzudzula kumawalemera pakamwa. Amayi ndi achinyamata, amene amasechedwa kwambiri panjira za kumsika, kawirikawiri amakhala kumbuyo kapena sakhalapo n'komwe.

Anansi athu adayesa njira ina. Ku Malawi, lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, ngakhale padatenga zaka pafupifupi 10 kuti liyambe ntchito. Lamulo lomwelo limalola nzika wamba zosankhidwa kuyendera maselo a apolisi kukaona mmene omangidwa akusungidwira. Ambiri a inu mumadziwa Msundwe, pamsewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa kumeneko pa zionetsero, anzake adalowa m'midzi n'kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu lidalamula kuti amayi 18 alipidwe chipepeso. Ku Zambia kuli Police Public Complaints Commission. Ku England, pambuyo pa zipolowe za ku Brixton mu 1981, zimene zidabuka chifukwa apolisi ankangosecha achinyamata akuda mwachisawawa, adapanga lamulo la 1984 lakuti wapolisi wosecha munthu anene dzina lake, polisi imene akuchokera ndi chifukwa chake, ndipo kusechako kulembedwe. Mabungwe amenewa sadathetse nkhanza kumeneko. Koma wodandaula ali ndi khomo limene si la apolisi okhaokha. Kwathu kuno bungwe lotere loona za apolisi paokha kulibe, ngakhale ndime 58 imavomereza kuti boma liyenera kulipira munthu amene wavulazidwa ndi zochita zosaloledwa za antchito ake.

Mantha amene timamva tikaona yunifolomu sadayambe dzulo. Agogo athu ankathawira kuphiri akamva kuti sipayo wabwera kudzatenga anthu a chibalo kapena a msonkho. Ufulu utabwera, munthu sankayenda kuchoka boma lina kupita lina popanda guia de marcha. Samora Machel mwiniwake, mu Novembala 1981, adaimirira pamsonkhano ku Maputo n'kudzudzula poyera apolisi, asilikali ndi a SNASP chifukwa chomenya anthu, kumanga popanda chifukwa ndi kulanda katundu. Mu 2016 anthu oposa 10,000 a m'chigawo chino, ambiri a ku Moatize, adathawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi. Ambiri adauza mabungwe othandiza kuti nyumba ndi nkhokwe zawo zidatenthedwa ndi asilikali a boma, boma lidakana. Pambuyo pa chisankho cha 9 Okutobala 2024, bungwe la Plataforma Decide lidawerengera anthu oposa 300 amene adafa pa zionetsero, ambiri mwa kuwomberedwa. Apolisi nawo adaphedwa ndipo ma posto adatenthedwa m'madera angapo. Wapolisi wachinyamata amene watumizidwa ku Mualadzi lero sadachite nawo zonsezi, koma amazipeza zikumudikira m'maso mwa anthu.

Ndipo iye ndiye amavutika nazo poyamba. Apolisi ochepa sangalondere malire onsewa ndi maso awo okha. Wakuba ng'ombe amadziwika ndi mudzi. Njira yachidule yodutsa m'madimba amaidziwa ndi abusa. Anthu akamaona kuti kupita kupolisi n'kukadzigulira mavuto, amakhala chete, kapena amagwira woganiziridwayo n'kumuweruza okha ndi miyala ndi moto, nthawi zina wosalakwa. Mayi amene adalandidwa ndalama ya tomato pamsewu sadzapita ku Gabinete de Atendimento à Família mwamuna wake akadzamumenya, chifukwa kwa iye yunifolomu ndi imodzi.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati mwasechedwa mwachipongwe, mwamenyedwa kapena mwalandidwa kanthu, tsiku lomwelo pezani wodziwa kulemba alembe tsiku, nthawi, malo, chiwerengero cha apolisi, mtundu wa yunifolomu, nambala ya galimoto kapena njinga yawo, zimene adatenga, ndi maina a amene adaona. Ngati mwavulala, pitani kuchipatala mabala asanapole ndipo musunge pepala lililonse limene akupatsani. Dandaulo mungalipereke pakamwa, iwo alilembe, koma ndi bwino kupita nalo lolembedwa, mapepala awiri: limodzi musiye, linalo akudindireni ndi kulemba tsiku, mubwerere nalo. Ndime 79 imakupatsani ufulu wodandaula, ndipo Lei 15/2012 idakhazikitsidwa kuti iteteze oulula milandu ndi mboni. Musakapereke dandaulo pa posto pomwe pali amene mukumudandaulayo. Pitani ku comando ya boma kapena kwa procurador, ndipo afumu adziwe kuti mwapita. Ngati amene adalipiritsidwa pamalo amodzi muli ambiri, monga zimakhalira m'makalabu a alimi a fodya ndi soya, lembani dandaulo limodzi, musainire nonse, musonkherane ya ulendo, mutume awiri. Pepala lodindidwalo mubwere nalonso ku msonkhano wa conselho consultivo wa posto, kuti likalembedwe mu acta.